Sukulu ya pa Nsanja

MUTU 4

1. Phunziro losatha

Lamulo litabwera lakuti aphunzitsi onse abwerere ku zigawo za kwawo, Mayi Chavula anachoka Lachitatu m'mawa, phunziro la aneni lili pakati.

Iwowa kwawo kunali ku Rumphi. Ndiwo ankaphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 8 pa kasukulu ka kwawo kwa Otilia, kuseri kwa Ngabu. Lole inabwera n'kuima pakhomo pawo, anthu akungosuzumira patali. M'chaka chimenecho cha 1989 munthu sankafunsa kuti chifukwa n'chiyani. Ukafunsa lero, mawa anthu ankayamba kufunsana kuti iwe wapita kuti.

Otilia anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Manyazi ake ankadziwika mudzi wonse, moti anzake anamutcha Nyakuwerama. M'kalasi sankakweza dzanja ngakhale yankho likumuyabwa pakamwa. Koma kope lake la Chingerezi likabwera kochongedwa, simunkapezeka mtanda ndi umodzi womwe.

Tsiku la ulendolo iye anakaima pansi pa mtengo wa nimu, kuonerera katundu akukwezedwa. Mayi Chavula anamuona, namukodola.

"Otilia, bwera kuno. Tenga ili." Linali buku lalikulu lachikuto chobiriwira, lomwe ankalembamo maphunziro awo ndi dzanja lawo. "Muli zonse zimene ndimati ndikuphunzitseni mpaka tsiku la mayeso. Usakaliike pansi pa sutikesi ngati diresi la Khirisimasi. Buku losawerengedwa ndi ndiwo za chiswe."

Otilia analandira bukulo ndi manja awiri. Anangothokoza m'chinenero cha kwawo kuti, "Takhuta," chapansipansi, injini italira kale. Sanadziwe ngati anamumva.

M'malo mwa Mayi Chavula simunabwere wina. A hedimasitala ankalowa m'kalasi n'kuti, "Werengani, ana inu," n'kuthamangira ku kalasi ina, poti aphunzitsi atatu anachoka tsiku limodzi. Pabolodi panatsala ziganizo zisanu za Mayi Chavula, ndipo panalibe wolimba mtima kuzifufuta. Fumbi lokha ndilo linkazidya pang'onopang'ono.

Otilia akaziyang'ana, ankachita ngati akuwamva akulankhula. Iwo aneni sankawaphunzitsa monga amanenera mabuku.

"Chiganizo ndi ngolo," ankatero, akugogoda desiki ndi choko. "Maina, amene m'Chingerezi timati noun, ndiwo katundu wa m'ngolomo. Koma ngolo yodzaza thonje singasunthe yokha. Pezani ng'ombe! Ng'ombeyo ndiyo verb, mneni. Nthawi zina ili imodzi, nthawi zina zili ziwiri m'goli limodzi, ina ikuthandiza inzake. Musandiuze za katundu musanandionetse ng'ombe."

Tsopano mayeso a mu Julaye anali kuyandikira, ndipo kalasi yonse inali ngati ngolo yomasulidwa ng'ombe pakati pa msewu.

2. Lamulo la a Hilario

Marichi ali kumapeto, mapira anayamba kukhwima, ndipo mpheta zinayamba kuoneka m'magulumagulu kuchokera kudambo. Loweruka masana bambo ake a Otilia, a Hilario, anamuitana pansi pa mtengo wa masawu. Mayi ake anali pomwepo, akusoka thumba lotolera thonje.

"Khala pansi, mwanawe. Ndachitira dala kulankhula mayi ako alipo, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti sindinanene.

"Chimanga kuno ndi mlendo, ndipo chaka chino chatinamiza. Chatsala ndi mapira aja. Mapira amenewo ndiwo phala la mng'ono wako, ndiwo mphamvu yanga yoberekera mpope wa mankhwala a thonje. Tikawataya, tataya chaka.

"Mpheta usaiderere. Imodzi umatha kuifumbata m'dzanja, osaoneka n'komwe. Koma sizibwera imodziimodzi. Zimabwera ngati utsi wa moto wa kutchire, ndipo nthawi yoti munthu atsike akamwe madzi, munda watha. Mpheta ilibe Sabata, ilibe maliro, sidziwa kuti mwini munda wadwala. Ine ndili mwana kutsidya kuja, ku Mutarara, ndinaona atate anga akulira pamunda ngati kamwana, chifukwa mlongo wanga anagona pa nsanja masana amodzi okha. Chaka chimenecho tinadya nyika, timizu ta m'dambo, mpaka m'mimba kuuma.

"Ine ndi mayi ako tili ndi thonje lofuna kupopera. Watsala ndiwe. Kusukulu mukungokhala kuyang'anana, mphunzitsi nkhabe, palibiretu. Ndiye kuyambira Lolemba uzikakhala pa nsanja mpaka tikolole."

Otilia anawerama, akulemba pansi ndi chala.

"Usaganize kuti ndimadana nacho Chingerezi," anapitiriza a Hilario. "Ndinadula nzimbe ku esiteti zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo Chingerezi changa chonse ndi cha kapitawo: 'Cut! Carry! Hurry up!' Ndimafuna mwana wanga adzadziwe choposa pamenepo. Tikakolola ubwerera kusukulu, mayeso ako ulemba. Zimenezo ndalonjeza.

"Koma nali lamulo langa. Buku lisakwere pa nsanja. Maso ndi awiri, koma sayang'ana kuwiri. Ndiponso buku uli naloli ndi la munthu amene amuchotsa. Sindikuti anali oipa mayi aja, ayi, anali munthu. Koma masiku ano ngakhale chitsa chili ndi makutu, si buku loyenda nalo m'njira limenelo. Ndikadzalipeza kumunda, ndidzapalasa njinga ndekha mpaka kwa a hedimasitala, ndikafufutitse dzina lako pa mndandanda wa olemba mayeso. Wandimva?"

"Ndamva, baba."

"Kweza mawu, abambo ako amve," anatero mayi ake, osasiya kusoka.

"Ndamva, baba." Koma mawuwo anatuluka chimodzimodzi.

3. M'mwamba

Nsanja inali pakati pa munda: mitengo inayi yamphanda, timitengo toyala pamwamba, ndi kadenga ka udzu. Kuchokera pamenepo zingwe zinayi zinkapita m'ngodya zonse za munda, zitamangiriridwa zitini zokhala ndi timiyala m'kati. Ukakoka chingwe, munda wonse unkalira, mpheta n'kubalalika.

Tsiku loyamba Otilia ankangokoka zingwe, osakuwa. Pa nsanja ya munda woyandikana, chakum'mawa, panali Juliana, mnzake wa m'kalasi. Kupitirira apo kunali Sebastiano, mnyamata wamtali wosatha nthabwala, amene anali kubwereza Sitandade 8 kachitatu. Pafupifupi theka la kalasi linali m'mwamba, likulinda mapira.

"Iwe Nyakuwerama!" anakuwa Juliana. "Mbalamezo ukuzinong'oneza? Zikuona ngati ukuziitanira kudya!"

"Msiye, akuzipatsa kaye moni," anayankha Sebastiano ali patali. "Mwana woleredwa bwino ameneyo."

Pofika Lachitatu, Otilia anali atayamba kukuwa. Pa nsanja panalibe womuyang'ana kumaso, ndiye manyazi anasowa pogwira. "Haa! Haa! Chokaa!" Mawu akewo anamudabwitsa mwini wake.

Ali pamwambapo ankaona msewu waukulu patali. Lole iliyonse yolowera kumtunda, cha ku Chikwawa, ankaitsatira ndi maso mpaka itazimiririka. Ku Rumphi sankakudziwa. Ankangodziwa kuti ndi kupitirira mapiri aja, kupitirira Blantyre, kupitirira konse kumene anthu a m'mudzi mwawo anafikako. Kaya kumeneko nakonso kuli ngolo, kaya ana a kumeneko akuuzidwa za chiyani.

Buku lobiriwira linali pansi pa sutikesi, malo omwe aja anamuletsa mwini wake. Otilia ankachoka kunyumba kusanayere, n'kubwerera dzuwa litalowa, kummero kutauma, maso akulemera. Nthawi yoliwerenga panalibe.

Lachisanu masana, mpheta zitabisala dzuwa, Juliana anaitana.

"Shamwali! Ng'ombe ziwiri zija, yothandiza ankati dzina lake ndani? Ine zonse zauluka ndi mbalamezi."

"Helping verb," anayankha Otilia.

"Ukuona, iwe ukukumbukira. Nanga ife mu Julaye tidzalemba chiyani, maina a mbalame? Bwera nalo buku lija."

"Baba analetsa."

"Abambo ako ali ku thonje, kutsidya kwa msewu. Adzaliona ndi maso a kabawi?"

"Tamverani, atsikana inu," analowerera Sebastiano. "Ine ndikalepheranso chaka chino, ndikwatira basi. Ndipo ndikwatira mmodzi wa inu awiri. Ndiye ganizani bwino."

"Otilia, chonde, tipulumutse!" anakuwa Juliana, ndipo nsanja zonse za pafupi zinafa nacho chiseko.

Otilia anangokoka zingwe zake. Koma Lolemba m'mawa anakulunga bukulo m'chitenje, naliika m'dengu, pansi pa mbatata zophika. Podutsa pamene bambo ake ankamangirira mpope panjinga, anawerama kuposa masiku onse.

4. Madamu

Atalitsegula, kafungo ka choko kanamufika m'mphuno. Zilembo za Mayi Chavula zinali zomwe zija, zopendekera kumanja ngati udzu wa pamphepo. Anapeza tsamba limene analekezera.

Anaimirira, nayang'ana kum'mawa.

"Juliana! 'The woman carries water.' Ng'ombe ili pati?"

"Carries!"

"Noun!" anakuwa Sebastiano.

"Iwe, akufunsa ng'ombe!"

"Ine ndizingoti noun basi. Tsiku lina ndidzalasa."

Otilia anaseka, nawerenga china: "The baby is sleeping." Apa ng'ombe zinali ziwiri, "sleeping" ikukoka, "is" ikuthandiza. Kenako chinabwera chovuta: "The river is wide." Apa panalibe chokoka kapena chokokedwa. M'bukumo munalembedwa kuti "is" ameneyu si ng'ombe koma bwato, ntchito yake n'kulumikiza gombe ili ndi gombe ilo, mtsinje ndi kukula kwake. Dzina lake linali linking verb.

Kunalinso aneni onga nkhwangwa, ofuna mtengo woti augwere. Sungati "Father cut" n'kulekera pomwepo, munthu akufunsa kuti adula chiyani. Ena anali onga dzuwa, ongotuluka okha osakhudza kanthu: "The sun rises." Oyambawo ankatchedwa transitive, enawo intransitive.

"Maina amenewo ngati mankhwala a thonje!" anadandaula Sebastiano. "Munthu sangafe nawo?"

Komabe tsiku lachiwiri iye yemweyo anayamba kusiya noun wake uja. Anakhoza ziwiri motsatizana, navina pa nsanja mpaka kamtengo kamodzi kanathyoka.

Mbiri inayenda m'minda. Pofika Lachitatu, nsanja zisanu ndi ziwiri zinkayankha. Akutali sankamva bwino, ndiye chiganizo chinkadumpha kuchoka pa nsanja iyi kupita pa inayo, kukafika kumapeto chitathyoka miyendo, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Dzina la Nyakuwerama linayamba kuiwalika. Tsopano ankati, "Madamu, china!"

Otilia anaika lamulo lake: chiganizo chimodzi, kenako aliyense akoke zingwe zake zonse zinayi. Sabata yonse lamulolo linagwira ntchito, ndipo ngala ndi imodzi yomwe sinadyedwe. Mtsikanayo anayamba kuganiza kuti mwina akuluakulu nawonso amalakwitsa, mwina maso angathe kuyang'ana kuwiri.

5. Za m'mphepete mwa tsamba

Tsoka linabwera Lachiwiri la sabata yotsatira, dzuwa litapendeka.

Chiganizo chinali chakuti, "The girl has been waiting." Sebastiano anati ng'ombe zilipo ziwiri. Juliana anati zitatu.

"Ngolo ya ng'ombe zitatu unaiona kuti iwe?" anakuwa Sebastiano. "Yachitatuyo imakoka ndi mchira?"

"Wobwereza katatu asatiuze za kuwerenga!"

Nsanja zina zinalowerera, ena uku ena uku. Otilia anatembenuza tsamba kuti aone mmene Mayi Chavula anafotokozera. M'mphepete mwa tsambalo munali timawu ta pensulo, tating'ono, tolembedwa mothamanga: "Ask Otilia on Thursday. She knows, but she will not speak."

Ndimufunse Otilia Lachinayi. Amadziwa, koma salankhula.

Ndipo Mayi Chavula anachoka Lachitatu.

Otilia anaika chala pa dzina lake. Anawerenga kawiri, katatu, mpaka zilembo zinayamba kusambira m'misozi. Kenako anapukuta kumaso ndi chitenje, naimirira kumapeto kwenikweni kwa nsanja, atagwira mtengo ndi dzanja limodzi.

"Zilipo zitatu!" anakuwa, ndipo mkangano unatha. "'Waiting' ndiyo ikukoka. 'Has' ndi 'been' zikuthandiza. Zikutiuza kuti mtsikanayo anayamba kale kudikira, ndipo mpaka pano akudikirabe. Mwamva? Nachi china!"

Chimenecho sichinachoke m'buku, anachipeka yekha. Anapekanso china, ndi chinanso, mayankho akubwera mbali zonse. Ankayankha funso la Lachinayi lija ndi mtima wake wonse, ngati kuti mawu ake angadumphe nsanja ndi nsanja mpaka kukafika ku Rumphi. Nkhope inali kum'mawa. Zingwe zinayi zinali lende pamtengo, osakhudzidwa.

Chimene chinamutembenuza ndi phokoso longa la mvula ikamabwera patali.

Ngodya ya kumadzulo, cha kukhwawa, inali bii. Mapesi anali kuwerama ndi kulemera kwa mbalame. Otilia anakoka zingwe zonse pamodzi, akukuwa ngati wapsa. Mpheta zinadzuka nthawi imodzi, dzuwa n'kuphimbika.

Anatsika, nathamangira komweko. Kuchokera pakhwawa kufika pachulu, ngala zinali zitasanduka timasache, mankhusu ali mbwee pansi. Gawo limodzi mwa magawo anayi a munda linali litapita.

Juliana anafika ali wefuwefu. Ataona, anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Shamwali, abambo ako akupha." Anayang'ana uku ndi uku, natulutsa kampeni kake kosendera nzimbe. "Tamvera. Dula chingwe ichi apa. Unene kuti ng'ombe za a Jeremiya zinadutsa m'khwawamu n'kuchidula, iwe umakoka osadziwa kuti zitini sizikulira. Zimadutsadi tsiku lililonse, ndani angakane? Buku ndipatse, ndikabise kwanga."

"Nanga a Jeremiya?"

"Ali ndi ng'ombe zambiri, mlandu umodzi sungawaphe. Iwe ukutaya mayeso! Ife tonse tikutaya Madamu!"

Otilia analandira mpeniwo. Anagwira chingwe ndi dzanja lamanzere, nachikunga. Chinali chingwe chopota bambo ake, cha khonje, cholimba bwino. 

Kenako anachisiya, nabweza mpeni.

"Bwerera, Juliana. Mapira ako ali okha."

6. Pa mlambe

Sipanapite nthawi, a Hilario anatulukira m'kanjira ka kukhwawa, akukankha njinga, mpope uli pakaliyala. Anatsamiritsa njingayo pachulu, nayamba kuyenda m'mizere yodyedwa ija. Ankagwira ngala iyi, n'kuisiya, n'kugwira ina. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Chingwe chinaduka?" anafunsa, osatembenuka.

"Ayi, baba."

"Unagona?"

"Ayi, baba."

"Nanga?"

Otilia anapita ku nsanja, nakwera, natsika ndi buku lobiriwira. Anagwada, nalipereka ndi manja awiri.

"Ndinabwera nalo sabata yatha. Ndimaphunzitsa anzanga. Lero ndinaiwala zingwe. Palibe wina wolakwa, baba, ndine."

A Hilario analandira bukulo, nalitembenuza uku ndi uku. Anakhala pachulu, napumira m'mwamba.

"Mpeni wa mnzako uja ndinauona," anatero. "Ukanadula chingwe changa, bwenzi pano ndilibe mapira, ndilibenso mwana. Mapira amameranso chaka chamawa. Koma mwana akaphunzira kusenzetsa mnzake katundu wake, ameneyo ngakhale apite ku sekondale, ngakhale akwere ndege, amakhala mbala yovala nsapato. A Jeremiya tinakumba nawo manda a agogo ako. Bwenzi mawa ndikukangana nawo pa bwalo chifukwa cha bodza la mwana wanga. Pamenepo pokha wachita bwino."

Otilia anadzutsa mutu. "Munauona bwanji, baba?"

Bambowo anayang'ana kumbali, cha kumene kunali mlambe waukulu m'mphepete mwa khwawa.

"Ndinafika kale. Mankhwala anatha msanga, ndiye ndinati ndidzere kuno. Pofika pa mlambe apo ndinamva mawu akulamula minda yonseyi m'Chingerezi. Ndinati kodi mphunzitsi watsopano wabwera, akuphunzitsira kuthengo? Kuyang'ana, ndi mwana wanga. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala nawe nyumba imodzi, sindinkadziwa kuti uli ndi mawu otere."

Anasiya kaye, akupukuta chikuto cha buku ndi chikhatho.

"Ndinaima. Mpheta ndinaziona zikutera. Pakamwa ndinali napo, miyala inali pansi pomwepo. Sindinakuwe. Ndinati amalize kaye chiganizo ichi. Kenako ndinati amalizenso ichi." Anapukusa mutu. "Ndiye mlandu wa mapira awa tigawana, ine ndi iwe. Mayi ako ndikawauza ndekha."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Otilia, ndipo sanaipukute.

"Koma usakondwe," anatero a Hilario, mawu atalimbanso. "Lamulo ndinaika, iwe unaliswa, osati kamodzi, sabata yathunthu, ukudutsa pamaso panga ndi dengu lako. Ndipo zimene ndidzachite ndinanena mayi ako akumva. Bambo womeza mawu ake lero, mawa ana ake samumvera. Njala ya mu Januwale nayonso sidzafunsa kuti tinali kumvera chiyani."

Anaimirira, namangirira bukulo pakaliyala ndi mphira, pamwamba pa mpope. Atamanga, anafunsa ngati zongodutsa.

"Amayankha ndi angati?"

"Asanu ndi awiri, baba."

"Ndi mwana wa a Lorenso uja yemwe, wamtali ngati mgwalangwa?"

"Sebastiano. Ndi iye yemwe. Dzulo anakhoza zisanu."

"Sebastiano?" anadabwa a Hilario. Kenako anagwira mahandulo. "Kwera pa nsanja. Dzuwa likadalipo, ndipo zija zalawa, zibweranso."

"Baba, mukanena chiyani kumeneko?"

"Ndati kwera."

Otilia anakwera. Minda yonse inali zii, panalibe woitana Madamu. Juliana anali atakhala pa nsanja yake, atakumbatira mawondo.

Ali pamwambapo anaona njinga ikutuluka m'mapira, ikutsata kanjira ka kumjigo. Pamjigopo njira inkagawikana: ya kumanzere yopita kunyumba, ya kumanja yopita kusukulu. Bambo ake atafika pamenepo anaima, phazi limodzi lili pansi. Anaima nthawi yaitali, moti mayi wina anadzaza ndowa yake n'kusenza iwo akadali pomwepo.

Kenako anakhotera kumanja.

Kumadzulo mtambo wa mpheta unali kubweranso, ukutsika cha kukhwawa. Otilia sakanatha kutsika, sakanatha kutsatira bambo ake kuti akamve ngati akukafufutitsa dzina lake kapena akukanena zina. Anakulunga zingwe zonse zinayi m'manja, nakoka mpaka zikhatho kuwawa, zitini zikulira munda wonse.

Mbalame zitathawa, anacheuka. Patali, pakhonde la nyumba ya a hedimasitala, panatuluka munthu wovala malaya oyera. Bambo ake anali ataima pansi pa masitepe, buku lili kukhwapa, akuvula chipewa.